CISA CA CHETE: PHUNZIRO LA NYUMBA YA MKRISTU

Caka catsopano citipeza ife m'kati mwa dzinja. Cimanga cafika m'maondo, mitsinje yadzala, ndipo udzu wa m'madambo uli wauwisi. Nthawi yomweyi, kuyambira ku cigwa ca Luangwa kufikira ku mapiri a ku Chipata, iripo mitengo yina imene isanduka ngati msika. Pa mtengo umodzi palendewera zisa makumi makumi, ndipo phokoso lace liyamba mbandakuca osaleka kufikira madzulo. Eni ace ndizo mbalame zija zacikasu zimene ambiri a ife tizicha achete, cinkana maina asiyana monga mwa madera.

Chete sachulidwa ndi dzina m'Buku Lopatulika. Koma pa Yobu 12:7-10 munthu wosautsidwa uja anatuma abwenzi ace anzeru kukalowa sukulu ya nyama ndi ya mbalame, ndipo pa Mateyu 6:26 Ambuye wathu mwini analoza mbalame ndi cala pophunzitsa akuphunzira ace. Tsono sikuli kupeputsa Mau ngati ife tiima pansi pa mtengo wa achete ndi kufunsa cimene Mlengi analemba pamenepo. Mbalame za pfuko limeneli ziripo mitundu yoposa 100, ndipo yambiri ikhala muno m'Africa. Ife tiyang'ane chete wathu wa pamudzi, wa maso ofiira ndi nkhope yakuda, amene akonda kumanga pafupi ndi anthu kapena pamwamba pa madzi. Iye atiphunzitse za cinthu cimodzi cokhudza yense wa ife, ndico kumanga nyumba. Sitinena nyumba ya mitengo ndi dothi ai, koma banja lokhala m'menemo.

MFUNDO YOYAMBA

Mbalame zambiri ziika zisa zao pa mphanda ya mtengo, kuti nthambi izicirikize pansi. Cisa ca chete sicitero. Ico cilendewera ku nsonga ya kanthambi, ndipo pansi pace palibe kanthu. Cifukwa cace nchito yoyamba ya chete wamwamuna ndiyo kumanga mfundo. Auluka kunka ku nsenjere, kapena ku bango, kapena ku tsamba la kanjedza, naboola m'mbali mwa tsamba ndi mlomo wace, nagwira pamenepo, nauluka, ndipo tsamba ling'ambika kukhala kaluzi kakatali. Afika nako pa nthambi, nakapondereza ndi phazi, nakazunguniza, nakapisa, nakakoka, kufikira mfundo yagwira. Pa mfundoyo aluka mkombero wonga wa licero, ndipo poima m'kati mwa mkomberowo aluka cisa conse, kutsogolo cipinda ca mazira, kumbuyo njira ya ku khomo.

Onani tsono kuti cisa, ndi mazira, ndi make, ndi ana, zonse zipacikika pa mfundo yoyamba ija. Ikakhala yolefuka, luso lonse la pambuyo liri cabe. Mphepo ya mkuntho umodzi igwetsa zonse mumtsinje.

Banja la Mkristu liri lotero. Silikhala pa ng'ombe, kapena pa nkhokwe, kapena pa malipiro a kutha kwa mwezi, pakuti izi zibwera ndi kupita. Lilendewera ku cinthu ca kumwamba, ndilo pangano limene awiri anapangana pamaso pa Mulungu, ndi pamaso pa ankhoswe, ndi pa mpingo. Pakati pathu alipo ambiri amene analowana mofulumira, osafunsa Mulungu, osafunsa akulu, namanga mfundo yao pa kukoma kwa nkhope kapena pa ndalama za fodya za caka cimodzi. Pofika caka ca cilala, kapena matenda, kapena kusaona mwana, mfundo yotere imasuka. Inu anyamata ndi atsikana amene muganizira za ukwati caka cino, musacite changu pa mfundo yoyamba. Ndipo inu amene munakwatirana kale popanda mfundoyi, musataye mtima. Kristu alola kuti muimange lero lomwe.

KALUZI KAMODZI KAMODZI

Anthu amene anapasula zisa za achete ndi kuwerenga anapeza kuti m'cisa cimodzi muli timaluzi totalika ngati 300. Chete satha kusenza mtolo. Kawirikawiri ulendo umodzi atenga kaluzi kamodzi. Comweco auluka kunka ndi kubwera kambirimbiri, ndipo cisa citha m'tsiku limodzi kapena awiri. Pambuyo pace aika tsindwi la m'kati la timasamba tatifupi, kuti mvula isadonthe pa ana.

Alipo ena amene awerenga mau a pa Mateyu 6 nayesa kuti awamasula ku khasu. Ati, popeza Mulungu adyetsa mbalame, ife tikhale pansi pa mtengo. Koma ndani anaona chete atakhala pansi? Mulungu ameretsa udzu, koma sauluka kukhala cisa. Iye apatsa mbeu za udzu ndi tizirombo, koma saziponya m'kamwa mwa mbalame yaulesi. Cimene Ambuye atiletsa ndico nkhawa; nchito sanailetsa ai. Chete agwira nchito tsiku lonse, ndipo usiku agona tulo. Ife tigona usana, ndipo usiku tigubuduka pamphasa ndi kuda nkhawa.

Akulu anati, pang'ono pang'ono ndi mtolo. Nyumba ya mtendere simangidwa ndi cinthu cacikulu cimodzi, monga phwando la ukwati kapena nsalu ya pa Krisimasi. Imangidwa ndi timaluzi ta masiku onse: pemphero la m'mawa ana asanapite ku sukulu, mau akuti zikomo kwa wophika nsima, kuwaza nkhuni pamene mkazi adwala, kuulula ndalama zonse za mbeu osabisa zina m'thumba, kukhala cete pamene lilime lifuna kubwezera. Ciri conse mwa izi ncacing'ono, ndipo ukacicotsa cimodzi palibe azindikira. Koma ukaleka kuziluka, tsiku lina udzaona kuwala kwa kunja kulowa ponseponse.

UDZU UKALI WAUWISI

Chete saluka ndi udzu wouma. Afuna wauwisi, pakuti ndiwo upindika osathyoka, ndipo pouma ugwira kolimba m'maonekedwe amene anaupatsa. Cifukwa cace nyengo yace yaikulu yomanga ndiyo ya mvula. M'cirimwe wamwamuna abvula zobvala zace zacikasu, nafanana ndi mkazi wace, kotero kuti ambiri samzindikira.

Nyengo iri nayo mphamvu pa ife tomwe. Mwana ali udzu wauwisi. Mmera mpoyamba, ndipo cimene mumpinda naco akali wamng'ono adzauma naco. Atate amene ati ndidzaphunzitsa mwana wanga za Mulungu akakula adzapeza kuti ena anampinda kale. Mlandu wa m'nyumba nawonso uli ndi uwisi wace. Pa Aefeso 4:26 mtumwi aupatsa mkwiyo malire a tsiku limodzi lokha. Mau opweteka a m'mawa akhoza kukonzeka madzulo ndi kupepesa kumodzi. Koma akagona mwezi auma, ndipo pofika kwa ankhoswe athyoka m'manja mwao. Kodi muli ndi mbale wanu amene simunalankhula naye kuyambira pa maliro aja, kapena pa mlandu wa malire a munda? Pitani sabata lino, caka cisanakalambe.

MMISIRI SABADWA WOTHA

Tikaona cisa cokoma tiyesa kuti chete anabadwa wodziwa zonse. Nzoona kuti Mlengi anaika cikhumbo ca kuluka m'kati mwace, koma luso likula ndi kuyesa. M'zaka za m'ma 1960 Nicholas Collias ndi mkazi wace Elsie, a ku America, anapenyetsetsa achete kwa nthawi yaitali, napeza kuti anyamata a caka coyamba aluka zisa zosalongosoka, za timaluzi tolendewera, ndipo zisa zao zikoma pamene akula. Anapezanso kuti mbalame zimene zinamanidwa udzu wosewera nao zikali zazing'ono zinatsalira m'mbuyo pa luso. M'caka ca 2011 ophunzira a ku Scotland analengeza zimene anaona pa achete a mtundu wina ku Botswana: ena aluka kuyambira kumanzere, ena kuyambira kumanja, ndipo pamene azolowera nchito sagwetsanso udzu kawirikawiri monga poyamba.

Pano pali citonthozo kwa inu amene muli m'caka coyamba ca ukwati, ndi inu a m'kalasi amene mungoyamba kutsata Yesu. Mupunthwa, mukangana pa zinthu zacabe, pemphero lanu liri la cibwibwi. Musanene kuti ine sindiyenera. Petro sanakhala mwala tsiku limodzi. Koma pali cenjezo kwa akulu a mpingo ndi nchembere za cigwirizano: musamane ana udzu wophunzirira. Mnyamata amene simumlola kuwerenga Mau pamaso pa anthu cifukwa aphonya adzakalamba wosadziwa, ndipo tsiku la kumwalira kwanu mpingo udzasowa woutsogolera.

Cinanso nci. Cisa cikakanidwa nicifota, chete acipasula ndi mlomo wace womwe, namanga cina pomwepo. Pa dzinja limodzi akhoza kumanga zisa zambiri ndi kupasula zambiri. Ife anthu ticita manyazi kupasula cimene tinamanga molakwa. Ticiphimba ndi mau. Koma kulapa ndiko kupasula. Ngati malonda ako aima pa muyeso wonyenga, ngati munda umene ulima unaulanda kwa mkazi wamasiye wa mbale wako, usaonjezepo timaluzi ta nyimbo ndi zopereka. Pasula, bwezera, nuyambenso.

WOYESA ALOWA M'KATI

Cisa cikatha, wamwamuna alendewera pansi pa khomo lace cadodolido, nakupiza mapiko, naimba kuti aoneke. Koma wamkazi sakhuta ndi nyimbo. Alowa m'kati, nakoka timaluzi ndi mlomo, nayesa ngati tagwira. Akonda cisa catsopano cobiriwira, ndipo ngati sicimkomera acoka osabwerera. Akacibvomera, iye mwini atuta ngala zofewa za udzu ndi nthenga, nayala m'kati. Comweco wina amanga kunja, wina atsiriza m'kati, ndipo cisa sicikwanira popanda onse awiri.

Anthu a pamudzi aona kunja kwa nyumba zathu: malata, njinga, jekete la pa Sabata. Koma pa 1 Samueli 16:7 tiphunzira kuti Mulungu apyola maonekedwe nayesa mtima. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo amuna amene aimba mokweza m'nyumba ya Mulungu, koma akazi ao anjenjemera pakumva mapazi ao pakhomo. Alipo akazi a mau okoma kumpingo amene lilime lao kunyumba liri mpeni. Wotiyesa ife salekeza pakhomo. Alowa m'cipinda, nakoka kaluzi kali konse. Funsani mkazi wanu, funsani ana anu, ngati Cikristu canu cioneka m'kati monga cioneka kunja. Iwo ndiwo mboni zoyamba.

KHOMO LOLOZA PANSI NDI DZIRA LACILENDO

Khomo la cisa ca chete liloza pansi, ndipo cisa cikhala ku nsonga yoonda ya nthambi, kawirikawiri pamwamba pa madzi. Wamwamuna athothola masamba a pafupi, nasiya nthambi yoyera. Izi zibvutitsa njoka za m'mitengo ndi adani ena, cinkana sizibweza onse. Alipo kabawi wotuwa wa miyendo yaitali amene alendewera pa cisa ndi kupisa phazi m'kati.

Koma mdani woopsa koposa sabwera ndi zikhadabo. Iripo mbalame yobiriwira msana, yoyera pamimba, imene m'mabuku aicha Diederik. Iyo simanga cisa ai. Idikira make atacoka, nilowa msanga, niikira dzira lace pakati pa mazira a chete. Mwana wace akaswa acotsa mazira kapena ana a mwini nyumba, ndipo chete atopa kudyetsa mlendo amene anapha ana ace. Cocinjiriza cace nci: chete wamkazi ali yense aikira mazira a maonekedwe aceace, ena oyera, ena obiriwira, ena a mawangamawanga, ndipo popeza adziwa ace azindikira lacilendo nalitaya kunja. Achete ena anatengedwa kunka ku cisumbu ca Hispaniola, kutsidya kwa nyanja yaikulu, zaka zoposa 200 zapitazo. Kumeneko kulibe Diederik, ndipo ophunzira apeza kuti mazira ao analeka kusiyana kwambiri monga asiyana kuno kwathu. Pamene mdani saoneka, cizindikiro cizirala.

Abale, cimene ciononga mabanja ambiri sicithyola citseko. Cilowa ngati dzira laling'ono. Cikho cimodzi ca kacasu pa tsiku la msika. Kanjuga ka pa lamya ya m'manja, ka ndalama zocepa. Kacithumwa kosokera m'ciuno mwa khanda, pamene make ati ndingoyesa. Kabodza ka mnansi kakuti apongozi anu ndiwo alodza mwana. Poyamba cifanana ndi zathu, ndipo ticifungatira. Cikaswa cikula msanga, cidya ndalama za feteleza ndi za sukulu, ndipo ana eni ace agwa kunja. Wozindikira cacilendo ndiye wodziwa cace. Nyumba imene Mau awerengedwa masiku onse izindikira msanga cimene sicicokera kwa Atate. Ndipo nthawi ya kuopa koposa ndiyo ya mtendere ndi zokolola zambiri, pamene tiyesa kuti mdani kulibe.

M'MENE SITIYENERA KUTSATA CHETE

Mbalame iri mphunzitsi, koma siiri lamulo. Chete wamkazi afungatira mazira ace awiri kapena atatu yekha, masiku ngati 12. Ndipo pamene iye ali m'kati, mwamuna wace wayamba kale cisa cina pambali, naimbira wina. Pa dzinja limodzi akhoza kukhala ndi akazi angapo. Abanso timaluzi pa cisa ca mnzace mwini atacoka. Kwa mbalame ici sicili chimo, pakuti sinapangana pangano ndi munthu kapena ndi Mulungu. Koma iwe unapangana.

Tinene poyera. Amuna ambiri acoka kumudzi kunka ku Lusaka, kapena ku migodi ya ku Copperbelt ndi ku Solwezi, kukafuna ndalama za banja, ndipo ici sicili coipa. Koma ena pofika kumeneko amanga cisa caciwiri. Ndalama ziyamba kucepa, mau aleka kufika, ndipo mkazi atsala alima yekha ndi mwana kumbuyo. Pa Miyambo 27:8 munthu wotayana ndi kwao afanizidwa ndi mbalame yotayana ndi cisa cace. Mbale wanga, ngati buku ili likupeza kutauni ndipo mau awa akulasa, usaliponye pansi. Ana ako kumudzi afunsa za iwe. Tumiza mau lero, nubwere pa nthawi yokolola.

Ndipo inu alimi mudzati, nanga mbalame izi sizitidyera mapira ndi mpunga? Inde zidya, makamaka abale ao ang'ono a milomo yofiira, ochedwa Quelea, amene auluka ngati mtambo, ndipo ayesedwa ocuruka koposa mbalame zonse za kuthengo pa dziko lapansi. Kuingitsa mbalame m'munda nkoyenera. Koma pa Deuteronomo 22:6-7 Mulungu anaikira Aisrayeli lamulo la cisa, kuti wopeza mbalame pa mazira kapena pa ana asatenge make pamodzi nao, ndipo pa lamulo laling'onoli anamangapo lonjezo la moyo wautali. Uzani anyamata a malegeni kuti kugwetsa zisa mwa masewera kuli nkhanza. Ndipo ife akulu tikumbukire kuti tikatha mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi makala, ticotsa nyumba za mbalame, ndipo madzi adzakokolola madimba athu omwe.

MTENGO UMODZI, ZISA ZAMBIRI

Chete wa pamudzi samanga payekha. Akangana ndi anzace tsiku lonse, koma sacoka pa mtengo, pakuti pamene pali maso ambiri njoka ioneka msanga, ndipo mmodzi akalira onse adziwa. Ku cipululu ca Kalahari, m'maiko a Namibia, Botswana ndi South Africa, uliko mtundu wina umene ufolera denga limodzi lalikulu la udzu, ndi zipinda zambirimbiri pansi pace. M'menemo mukhala mbalame mazana, ndipo mibadwo ilowana m'nyumba yomweyo zaka zambiri. Mpingo ndiwo mtengo wathu. Muli phokoso, muli kusamvana, koma banja lodzipatula cifukwa ca kukwiya ligwa m'kamwa mwa njoka popanda wolira. Mutu umodzi susenza denga.

Potsiriza tiyang'ane Iye amene analenga chete. Pa Mateyu 8:20, poyankha mlembi wofuna kumtsata, Yesu anadziyesa wosauka koposa nkhandwe ndi mbalame, pakuti izo ziri ndi kwao, koma Iye analibe. Wophunzitsa mbalame kuluka anabadwira m'khola la eni, nagona m'ngalawa ya eni, naikidwa m'manda a eni. Ndipo pamene anapacikidwa pa mtengo, pansi pace popanda comcirikiza, anamanga mfundo imene siidzamasuka nthawi zonse. Anasowa nyumba kuti ife tipeze nyumba kwa Atate.

Pofika mwezi wa Julaye mudzapita pa mtengo uja nimudzapeza uli zii. Zisa zauma, zina zagwa. Nyumba zathu za pansi pano zidzatero, ndipo ena a ife amene tiwerenga tsamba lino sitidzaona Januwale wina. Cifukwa cace yense adzifunse: nyumba yanga ilendewera pa ciani? Ndi dzira lotani lacilendo limene ndifungatira? Nciani cimene ndiyenera kupasula caka cino, udzu ukali wauwisi?

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene mupatsa chete nzeru ya kuluka, tipatseni ife nzeru ya kumanga mabanja okondweretsa Inu. Limbitsani mapangano athu, bwezani osokera kwao, tonthozani otsala okha, sungani ana athu kwa woipayo. Ndipo nyumba zathu za dothi zikadzagwa, mutilandire m'nyumba yanu yosatha, mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.